Pakhonde la Azakhali: Big Bang yandisokonezera chinkhoswe

Zikomo Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 26 ndipo ndimaluka tsitsi mu saluni ina ku Lilongwe kuno. Ndili ndi mnzanga amene tikufuna kumanga naye banja. Ndi munthu wofatsa, samwa, sasuta, ndipo amaphunzitsa sayansi pa sekondale ina. Tinapangana kuti chinkhoswe chichitike mvula isanagwe.

Mwezi watha ndinapita naye kwa amalume ku Mitundu kuti akamuone. Amalumewo ndi mkulu wa mpingo, ndiponso ndi amene anandilipirira fizi bambo atamwalira. Anatilandira bwino, anatiphera tambala. Titadya tinakhala panja, ife pamphasa iwo pampando, kumwamba nyenyezi zili mbwee. Amalume anakweza maso n'kunena kuti munthu woona zonsezi n'kumakanabe kuti kuli Mulungu ndiye kuti mutu wake sukuyenda. Mnzangayo m'malo mongovomera anayamba kufotokoza za Big Bang, kuti zonsezi zinachokera pa kuphulika ndipo sayansi inazilongosola kale. Amalume anafunsa kuti, "Nanga anaphulitsayo ndani?" Iye anabweza kuti, "Nanga Mulunguyo anamulenga ndani?"

Azakhali, kunangoti zii. Amalume ananyamula mpando wawo n'kulowa m'nyumba. Pano akuti sangakhale nkhoswe pa ukwati wa munthu wachikunja. Mnzangayo akuti sapepesa chifukwa sanatukwane munthu. Ine ndimapemphera, koma funso lake lija likundisowetsa tulo. Pa awiriwa akunena zoona ndani? Ndipange bwanji?

Ine Wothedwa Nzeru,
Lilongwe

Iwe Wothedwa Nzeru mwana wanga,

Kalata yako ndaiwerenga kawiri, kachiwiriko ndikupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Anzako zinkhoswe zimawafera chifukwa cha mameseji a pa foni, ngongole ya katapila, kapena mwana amene anabisidwa kwa agogo ake kumudzi. Chako chikufa ndi mlandu wa zaka 13.8 biliyoni zapitazo. Palibe nyakwawa inaweruzapo mlandu wakale chotere.

Ndiyambe ndi aphunzitsi akowo. Munthu wapita koyamba kwa eni mbeta, amuphera tambala, nthutumba wadya yekha, mafuta akadali pamlomo, n'kuyamba kuphunzitsa mwini tambala? Mkamwini tsiku loyamba amakhala ndi mawu atatu okha: "eya", "zoonadi" ndi "zikomo, ndakhuta". Choko amachisiya kusukulu. Koma zimenezo ndibwererako.

Wandifunsa kuti akunena zoona ndani. Usaone duku kumutuku n'kumaganiza kuti Azakhali ako amangodziwa za ndiwo ndi za kuchipinda. Choko ndinachigwirapo nanenso, ndipo nditapuma mabuku sindinawataye. Khala pansi.

Chandiseketsa kwambiri n'chakuti amuna awiriwa anasinthana zida mumdima muja osadziwa. Aphunzitsi akumenya nkhondo ndi mkondo wa wansembe, mkulu wa mpingo akubweza ndi chibonga cha shehe.

Big Bang imene mkamwini wathu akuiyesa mdani wa tchalitchi, bambo ake ndi wansembe wa Chikatolika wa ku Belgium, Georges Lemaître, amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Louvain kolala yoyera ili pakhosi. Mu 1927 iye anatenga masamu a Albert Einstein n'kuonetsa kuti thambo silinangokhala duu, likufutukuka. Einstein mwini wake atakumana naye chaka chomwecho anavomera kuti masamuwo alibe banga, koma mfundoyo inamunyansa. Patangopita zaka ziwiri, mu 1929, Edwin Hubble, amene ankagwiritsa ntchito telesikopu yaikulu ya pa Mount Wilson ku California, anaonetsa kuti milalang'amba, magulu akuluakulu aja a nyenyezi, ikutithawa, ndipo yakutali kwambiri ndi imene ikuthamanga koposa. Mu 1931 wansembe uja anawonjezera kuti ngati zinthu zikumwazikana lero, ndiye kuti dzulo zinali pafupi, dzana pafupi kwambiri, ndipo ukabwerera m'mbuyo osatopa uzipeza zonse zitapanikizana pamodzi.

Liwu loti kuphulikali ndi limene limasokoneza. Amalume ako akalimva amaganiza za tayala la minibasi. Iwe ganizira mtanda wa mandasi umene wathira yisiti n'kuuvundikira m'beseni, ndipo wawazamo njere za mtedza. Ukabwerako pakatha ola umapeza mtanda wafufuma, njere iliyonse yatalikirana ndi inzake, chonsecho palibe njere imene yayenda. Chakula ndi mtandawo. Thambo likuchita zomwezo, kungoti ilo lilibe beseni.

Ngakhale dzinalo silinachokere kwa anthu oikonda mfundoyi. Analitchula ndi Fred Hoyle, katswiri wa ku Britain, pa wailesi ya BBC mu 1949, ndipo iyeyo anaitsutsa mpaka kumanda. Hoyle sanali wopemphera. Ankati chilengedwe chilibe chiyambi, chinalipo ndipo chidzakhalapo. Kwa iye nkhani yoti zonse zinayamba tsiku lina inkanunkha lubani. Ukuona? Masiku amenewo wosapemphera ndiye ankaiyang'ana Big Bang ndi diso lokayika, poopa kuti ansembe alowera pawindo.

Kwa akatswiri ambiri mkanganowo unatha ndi phokoso. Mu 1964 akatswiri awiri, Arno Penzias ndi Robert Wilson, ankayesa chimlongoti chawo chomvera mafunde a wailesi ku Holmdel, m'chigawo cha New Jersey ku America. Kulikonse kumene achilozetsa, usana ndi usiku, chinkangoti shiii. Anaganizira nkhunda zimene zinkagona m'katimo. Anazichotsa, anakolopa zitosi, koma shiii uja osatha. Kenako zinadziwika kuti akumva kutentha kotsala kwa moto woyamba uja, monga mmene phulusa limafundira m'mawa pamene anthu anaothera usiku. Mu 1978 analandira mphotho ya Nobel. Lemaître nkhaniyi anaimva asanamwalire mu 1966. Ine pa zonsezi ndimamvera chisoni nkhunda.

Ndiye pamenepa aphunzitsi ali ndi mfundo, ndipo amalume asataye thukuta kulimbana nayo. Thambo likufutukuka, linali lotentha ndi lothinana, ndipo umboni wake ndi woti munthu atha kuuyeza.

Tsopano chibonga cha amalume. Funso lawo loti anaphulitsa ndani usalione ngati la kumudzi. Al-Ghazali, shehe wamkulu wa ku Persia amene anaphunzitsa ku Baghdad n'kumwalira mu 1111, analiyala mwadongosolo: chinthu chikakhala kuti chinachita kuyamba, pali chimene chinachiyambitsa, ndipo popeza dziko linayamba, liyenera kukhala ndi woliyambitsa. Ankatsutsana ndi anthu ophunzira otsatira Aristotle, amene ankati dziko n'lachikhalire. M'masiku athu ano amene anaisasa fumbi mfundoyi ndi William Lane Craig, Mkhristu wa ku America, m'buku lake la mu 1979, ndipo alaliki ambiri amene umawaona pa YouTube amatunga pachitsime chake. Ukamakawauza amalume kuti ulaliki wawo wa usiku uja unadzera ku mzikiti, uyambe wawapatsa madzi akumwa.

Ndiye kuti amalume apambana? Dikira. Mu 1951 Papa Pius XII anakondwa ngati amalume ako, n'kulankhula pamaso pa akatswiri a sayansi ku Vatican ngati kuti sayansi tsopano yachitira umboni za kulengedwa kwa dziko. Amene sanasangalale anali wansembe yemwe uja. Lemaître anadandaula kuti ndiwo ziwirizi zisaphikidwe mumphika umodzi, ndipo chaka chotsatira Papa atalankhulanso kwa akatswiri a zakuthambo, nkhaniyo sanaibwereze.

Wansembeyo ankadziwa polekezera masamu ake. Amatiperekeza m'mbuyo mpaka kufupi kwenikweni ndi chiyambi, kenako amatha mpweya. Big Bang ili ngati khadi la kusikelo. Limakuuza kuti mwana ankalemera bwanji mwezi ndi mwezi, katemera analandira liti, koma silikuuza amene anafunsira mayi ake. Akatswiri ena amaganiza kuti kunali thambo lina limene linakhwinyata n'kufutukukanso kukhala lathuli, ena amati mathambo alipo osawerengeka, ndipo mkangano wawo sunathe. Munthu wopachika chikhulupiriro chake pa msomali wa sayansi ya chaka chino adziwe kuti eni nyumbayo amazula misomali osachenjeza. Thomas Aquinas, mphunzitsi wamkulu wa Akatolika amene anamwalira mu 1274, ananeneratu kuti nzeru za munthu pazokha sizingatsimikize kuti dziko linali ndi tsiku loyamba. Iye ankakhulupirira zimenezo chifukwa cha malemba. Funso limene ankaliona lolemera ndi lina: ngakhale dziko likanakhala lachikhalire, chikuligwiriziza n'chiyani? Kunena mwa ine, n'chifukwa chiyani kuli thambo loti amuna awiri okhuta azikanganirana?

Funso la mkamwini loti Mulungu anamulenga ndani ndi limene lakusowetsa tulo. Gona, mwana wanga. Ana a Sande sukulu amafunsa lomweli chaka ndi chaka, ndipo aphunzitsi awo amathamangira kuyambitsa kolasi. Okhulupirira amayankha kuti mfundo ija ikunena za zinthu zimene zinachita kuyamba, pomwe amene akumutcha Mulungu ndi uyo sanayambe. Akanakhala wolengedwa, ndiye kuti Mulungu ndi winayo, womulengayo. Osakhulupirira amabweza kuti, ngati mukulola chinthu chimodzi kukhalapo popanda wochipanga, bwanji chinthucho chisakhale chilengedwe chomwechi? Ndi mmene Bertrand Russell anayankhira wansembe Frederick Copleston pa mtsutso wa pa BBC mu 1948, ndipo anasiyana aliyense atakakamira pake.

Funso loti "nanga icho chinachokera kuti" lili ngati minibasi. Palibe amene amakwera mpaka kalekale, aliyense amagogoda pa siteji yake. Amalume amatsikira pa Mulungu. Russell anatsikira pa chilengedwe. Onse awiri aima pa chinthu chimene sangathe kukuuza kumene chinachokera, ndipo aliyense akuseka mnzake kuti watsika msanga.

Ndikupatse zina zoti usunge m'thumba, chifukwa aphunzitsi akowo ndikuwaona kuti sanamalize silabasi. Akadzakuuza za Stephen Hawking, amene ankati kufunsa zimene zinalipo nthawi isanayambe kuli ngati kufunsa dera la kumpoto kwa North Pole, udzamuuze kuti bishopu wa mu Africa muno, Augustine wa ku Hippo, m'dziko limene lero ndi Algeria, anafika pomwepo asanamwalire mu 430. Iye ankati nthawi nayo ndi cholengedwa, choncho palibe "kale" woti n'kumufunafuna dziko lisanakhaleko. Mfundo imodzi yomweyo, wina anatuluka nayo akuti Mlengi safunikanso, wina anatuluka nayo akugwada. Ndipo akadzati sayansi yaonetsa kuti zinthu zimatha kutuluka popanda kanthu, monga analembera Lawrence Krauss mu 2012, udzamufunse kuti "popanda kanthu" wakeyo ndi wotani. Ukamusuzumira bwino umapeza muli kale malamulo a sayansi ndi zina zogwirira ntchito. Ndi "ndilibe kanthu" wa amuna athuwa, amene amakutulutsira matumba a buluku ndalama zili phee mu foni.

Ngakhale Hoyle uja, wothawa lubani, anapunthwa pa mwala wakewake. Mu 1953 anawerengera kuti nyenyezi sizingaphike carbon, chimene matupi athu anamangidwira, pokhapokha muyeso wina m'kati mwa carbon utakhala pamalo ake enieni. Atayeza anapeza kuti ndi mmene zilili. Atakula anavomera kuti zinthu zikuoneka ngati wina anachita kuzitchuna. Amalume apa angaimbe m'manja. Koma a mbali inayo ali ndi yankho: ngati mathambo ndi ambiri, ife tikanapezeka kuti ngati si mu limene muli mokhalika? Nsomba siidabwa kuti inabadwira m'madzi.

Amalume nawonso asavine msanga. Tiyerekeze tavomera kuti pali choyambitsa. Mfundoyo yathera pomwepo. Siikuuza dzina lake, siikuuza ngati amamva mapemphero, kapena ngati tsiku lake ndi Lachisanu, Loweruka kapena Lamlungu. Al-Ghazali anaitenga n'kulowa nayo mu mzikiti, Craig analowa nayo m'tchalitchi. Kuchoka pa "chinachake chinayambitsa" kukafika pa Mulungu amene amalume amamuimbira nyimbo pali mtunda, ndipo mtunda umenewo munthu sauyenda ndi telesikopu.

Kuseri kwa kwanu komweko, m'mapiri a Dzalanyama, kuli Kaphirintiwa, kumene Achewa amati Chauta anatsitsira mwamuna ndi mkazi oyamba pamodzi ndi mvula, mapazi awo n'kudindika pathanthwe lisanaume. Tamvera katundu amene anatsika naye: khasu, lichero ndi mtondo. Nthanoyo siichedwa ndi kufotokoza kumene dothi linachokera. Ikuthamangira kutiuza zimene awiriwa adzadya ndi mmene adzakhalire. Agogo aja ankadziwa funso limene limaphwasula mabanja.

Ine ndimapemphera, ndipo yunifomu yanga ya Lachinayi sindilola wina kuisita. Ndikayang'ana kumwamba usiku wozizira wa mu Julaye ndimamva zimene amalume ako amamva. Koma sindinayambe kupemphera chifukwa wina anandigonjetsa pa mtsutso. Malemu bambo a kunyumba kwanga ankaponda kutchalitchi pa maliro ndi pa maukwati pokha. Lamlungu lililonse m'mawa ankakhala pakhonde, wailesi ili pambali, akupolisha nsapato zanga zakuda, timalovu pang'ono kunsonga, burashi uku ndi uku mpaka azione nkhope yawo. Pondipatsa ankati, "Mukatipemphererekonso ife akunja." Tinakhala zaka 31. Koma ndisakunamize. Mwana woyamba atafika pobatizidwa tinatha milungu itatu tikulankhulana kudzera mwa mlamu wanga, m'nyumba ya zipinda ziwiri, chifukwa nkhaniyo sitinaikambe tili pachibwenzi. Tinkaganiza kuti chikondi chidzaweruza. Chikondicho chitaona mlandu chinapita kukatunga madzi.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Uzisiye kaye za milalang'amba, umukhazike pansi mnyamatayo, umufunse za pansi pano. Ukwati mukadalitsa kutchalitchi kapena mukangosainira kwa DC? Ngati ndi kutchalitchi, adzaima pamaso pa abusa n'kulonjeza zimene sakhulupirira? Ana adzabatizidwa? Chakhumi chikamachoka pa ndalama za kusaluni, nkhope yake idzakhala yotani? Ndipo chachikulu, tsegula diso limodzi iwe ukamapempherera nsima, uone pakamwa pake. Wosakhulupirira amene amadikira mwaulemu kuti unene ameni ungakhale naye mpaka imvi. Amene amamwetulira chamseri ngati akuonerera mwana akuphika masanje, ameneyo ngakhale atamumiza mu Yorodano adzakuliza. Iwenso udzifunse ngati ukukwatiwa naye mmene alilimu, kapena m'chikwama mwako muli pulani yomutembenuza. Mapulani amenewo ndawaona ambiri, ndipo onse amathera pamphasa ya ankhoswe.

Za kupepesa, umuuze kuti palibe akumutuma kukapepesa m'malo mwa Hubble. Akapepese chifukwa anabweza funso ndi funso kwa mwini khomo, tambala wa eni ake ali m'mimba. Asakanamenso kuti watembenuka mtima. Amalume ako si mwana, ndipo bodza la pa chinkhoswe limadzatulukira pa ubatizo. Angokanena kuti analankhula mopanda ulemu, ndi kuti mwana wawo adzamulemekeza ndi mapemphero ake omwe. Akakana ngakhale zimenezi, udziwe kuti chofufuma si thambo lokha.

Kwa amalume usapite wekha. Utume amayi ako, poti mlongo amadziwa pokanda. Akawakumbutse kuti ntchito ya nkhoswe ndi kuzimitsa moto m'banja, ndipo banja la wopemphera ndi wosapemphera ndi limene likufuna nkhoswe wolimba kuposa onse. Akathawa pano, adzabwera ndani usiku umene mudzakanganire za ubatizo? Akawanong'onezenso za wansembe wa ku Belgium uja. Akuluakulu a mpingo amafewa akamva kuti amene ankamuyesa mdani anali wa kolala.

Mukapite Loweruka. Mnyamatayo atsogoze amalume ake, anyamule shuga, sopo ndi tambala wonenepa kuposa amene anadya uja. Mukafike cha m'ma 10 koloko m'mawa. Ikamakwana 3 koloko mukhale mutatsanzika, muli kale pa siteji, nyenyezi isanatuluke ngakhale imodzi.

Azakhali ako